Ninamudula pa Vidiyo ya Umboni wa Ba Mami

Ine nimakamba maningi, ivo nivomela pa kuyamba pomwe, kuti munthu asabwele kuzaniuza monga wapeza chinthu chatsopano. Mu minibasi nimakamba na kondakita. Pa mzele wa ku kiliniki nimakamba na banthu bodwala kupambana ine. Olo foni ikazima chifukwa malaiti ayenda, nimapitiliza chabe kukamba nayo. Sukulu ninalekela mu giledi naini vinthu vitavuta panyumba, ndiye vonse vamene nidziwa ninaviphunzila pa foni yomweyi ya galasi long'ambika pa kona: kupanga maposita a malilo na a kicheni pate, kudula mavidiyo, kufaka kanyimbo pansi pa mau kuti banthu balile pamene bafunika kulila. Ndiye nchito yanga iyo. Palibe amene ananiphunzitsa.

Ba mami bamene nikamba pano sindiwo bananibala. Ni ba mayi ba selo yathu ku Kanyama. Selo ni kagulu ka banthu ba chalichi chimodzi bokhala pafupipafupi, timakumana pa Chinayi m'nyumba mwa mmodzi wa ise. Ba mami banachokela ku Kopala, kumigodi, Chinyanja chao chodzala na Chibemba, mzimayi wa thupi, wa mau monga sipika ya pa ukwati. Bananipeza pa pompi nili kutukwanizana na mzimayi wina amene anafaka chigubu chake kutsogolo kwa changa. Banaima, banamvela mpaka ninasiliza, ndiye banaseka mpaka kugwila pa mimba.

"We mwana, pakamwa apo ni mphatso," banatelo. "Manje iwe uli kuitaila pa pompi. Pa Sondo uvale bwino, nizakupitila."

Bananipitila zoona. Zaka zibili ninayenda nabo monga chikwama chao. Ndiwo banakamba na ba busa kuti nizipeleka vilengezo kutsogolo. Ndiwo bananifaka kukhala adimini wa gulupu ya selo pa foni. Tikakhala pa khonde pao tinali kukamba tonse pa nthawi imodzi, beve bakamba, ine nikamba, palibe olindila mnzake, koma tinali kumvana. Ba dadi, bamuna bao, banali kunyamula kampando na kuyenda kukhala kuseli kwa nyumba, ati mutu wayamba.

Nthawi ya mvula ba mami banagwa bali kuyanika vovala. Bipi inakwela, sitiroko. Banakhala mu chipatala masabata atatu. Pobwela, dzanja lamanja linali lakufa, mwendo bakoka, pakamwa papendeka, ndipo mau anali kukana kutuluka. Mutu unali bwinobwino, ukayangana m'maso uona kuti vonse vilimo, koma mau afika pa lilime na kuima. Munthu amene anali kumveka mpaka ku msika, manje kukamba chabe kuti "manzi" thukuta lichoka.

Bana bao ni babili, wina ali ku Solwezi pa nchito, wina anakwatiwa ku Chawama ndipo anali na kamwana ka masabata. Ba dadi bamayendetsa galimoto ya kampani, bachoka kuseni, babwela dzuba litalowa. Ndiye selo inagwilizana kuti tizisinthana kukhala nabo masana. Mndandanda wa masiku bananipatsa ine kuti nilembe pa gulupu, kaili ndine adimini.

Apa ndiye pamene alowela mtsikana wa ku Petauke. Anabwela mu selo miyezi isanu chabe ba mami bakalibe kugwa. Amasebenza nchito ya m'nyumba kumayadi, kwa banthu olemela, bamamumasula masana pa Chitatu na pa Chisanu. Wamng'ono pa ine na chaka chimodzi, amaniitana "ba sisi". Mu selo amakhala pafupi na chitseko, pamene pakhala nsapato za banthu. Sininamumvepo apemphela mokweza. Tsiku lina ba busa banaphunzitsa kuti Mulungu sanasiye munthu aliyense chimanjamanja, aliyense anapatsidwa kanthu kakuti atumikile nako banzake, ndiye banafunsa mmodzimmodzi kuti iwe unapatsidwa chani. Ine ninachula vinayi, nikanapitiliza koma bananiimika. Eve anayangana pansi, anaganiza, ndiye anati, "Nimadziwa kuwasha." Tinaseka tonse. Ine ndiye ninaseka kupambana, sinizanama.

Pa mndandanda ninamupatsa masiku ake abili aja. Ine ninatenga Mande na Chinayi, bazimayi benangu masiku otsala.

Masiku anga ninali kufika na moto. Nifika nikuimba kuchokela pa geti. Nibauza nkhani zonse za mu komboni, ndani wathawa mwamuna, ndani manzi amulowela m'nyumba mpaka matilesi kuyandama, ndani wayamba kuvala wigi yamene tonse tidziwa mwine wake. Nibayatsila maulaliki pa foni. Bakayamba kuti "ni... ni..." ine nalumpha kale: "Mufuna manzi, mami? Tiyi? Kuchimbudzi? Pilo?" Ninali kunyada na liwilo langa. Ninali kuuza banthu kuti ine ba mami nimabamvela bakalibe na kukamba. Tsiku lina banati "ma... ma..." Ninaleta manzi. Bapukusa mutu. Ninaleta mafuta odzola. Bapukusa. Ninaleta masokisi, mankhwala, mabisiketi, tebulo inadzala monga kantemba kogulitsilamo vinthu. Pa mapeto banatseka chabe maso. Ine ninati balema, nibasiye bapumule, ninayamba kuyankha mameseji.

Pa Chitatu china ninakumbuka kuti ninasiya chaja kwao. Mvula inali itagwa kuseni, ku Kanyama mudziwa mwamene kumakhalila, uyenda pa njelwa zamene banthu bafaka m'manzi, ukaphonya imodzi walowa mpaka mu nkhongono. Ninafika pa khomo nsapato zili tii, ninafuna kukuwa odi, koma ninamva mau mkati. Mau a ba mami. Ninaima.

"Ba... dadi... bako..." Zii. Zii wautali, wamene ine nikanaudzaza na nkhani zitatu. "Pha... la... lao..." Zii futi. Ninasuzumila pa katani. Mtsikana wa ku Petauke anali khale pansi, dzanja lakufa lija lili pa mwendo pake, alidzola mafuta chala chimodzichimodzi. Maso ake ali pa nkhope ya ba mami. Sanali kugwedeza mutu, sanali kuthandizila, sanali kuchita chilichonse. Ndiye ba mami banasiliza: "...monga... simenti."

Banaseka. Na pakamwa popendeka paja, mapewa agwedezeka, misozi mbali imodzi. Mtsikana uja nayenso aseka mogwila pakamwa. Kuchokela pamene banagwa ine ninali nikalibe kumva ba mami bakamba mau opitilila abili, ninali nikalibe kubamva baseka. Ine woyenda nabo zaka zibili. Ine wamene bananitola okha pa pompi. Ninalowa, ninapeleka moni mokweza kupambana mwamene chifunikila, ninatenga chaja. Ba mami bananiyangana, bananyamula chabe dzanja labwino.

Ninamulindila pa njila pamene anali kubwelela.

"Iwe, umachita bwanji kuti bakambe?"

"Palibe, ba sisi."

"Palibe bwanji? Nakumvelani na makutu anga. Umabapatsa chani? Umabapemphelela pemphelo lanji?"

"Nimalindila chabe. Bamasiliza okha."

Kuyankha kuja kunanibaba kupambana akananitukwana. Akanati anaphunzila kwinakwake, nikanayenda pa foni na ine nikaphunzile, pofika mailo nikanamupitilila. Manje kulindila? Ni mphatso iyo? Olo mbuzi yomangilila imalindila.

Pa Sondo masana ninakhala pa bedi na foni, ninatsegula mndandanda. Ninadziuza kuti munthu amene mau amuthawa afunika kumva mau ambili kuti abwelele. Ninali nitabelengako hafu ya nkhani ina pa foni yamene inali monga ikamba vomwevo, hafu inayo sininaisilize chifukwa inayamba kukamba vosiyana. Ninachotsa mtsikana wa ku Petauke pa Chitatu na pa Chisanu, ninadzifaka ine. Eve ninamufaka pa Mande kuseni. Ninadziwa bwinobwino kuti pa Mande kuseni amakhala ali kuwasha vovala va banthu asanu kumayadi. Pansi ninalemba kuti tiyeni titumikile na chimwemwe, ninafaka na tumitima tutatu.

Sanalembe pa gulupu. Analemba kwa ine nekha. "Ba sisi pa Mande nimasebenza."

Ninamuyankha kuti, "Mulungu azakutsegulila njila mwandi."

Ninalemba choncho ine. Meseji ikalimo mu foni, nthawi zina nimaiyangana monga munthu ayangana chilonda pansi pa bandeji.

Sanakangane. Masabata atatu sanaonekele kwa ba mami, kupatula pa Sondo tikachoka ku chalichi, pamene nyumba imadzala banthu khumi bokamba pa nthawi imodzi. Ine manje ninali na masiku atatu pa sabata, Mande, Chitatu na Chisanu, Chinayi changa ninachisiyila ba mayi benangu. Ninayesa kulindila, musaganize kuti sininayese. Ninali kubelenga mu mtima, wanu, thuu, filii, pofika pa faivi pakamwa patseguka pokha. "Mufuna kukamba kuti zenela? Nitseke? Nitsegule?" Ba mami banayamba kusonta chabe na chala. Basonta kapu, nileta. Basonta chitseko, nitseka. Vinthu vinali kuyenda mwamsanga, ndipo ine ninali kuuza ba selo kuti tamvana maningi masiku ano.

Pa Chisanu cha sabata yachitatu ba dadi banapempha chilolezo ku nchito, banabapeleka ba mami ku chipatala kukaonedwa. Ine ninabalindila pa khonde. Batabagoneka mkati, ba dadi banatuluka, banakhala pa thumba la mchenga lamene bafaka pa khomo kuti manzi asalowe. Ni munthu osakamba, ba dadi. Pa zaka zibili mau amene tinakambapo angakwane pa meseji imodzi.

"Mwana wanga, mtsikana uja wa ku Petauke ali kuti?"

"Nchito, ba dadi. Mudziwa nchito za kumayadi."

"Nchito anali nayo na kale." Banachotsa nsapato imodzi, banaigogoda pa njelwa kuti matope achoke. "Ba nasi bamene bamabaphunzitsa kukamba bakuti babwelela kumbuyo. Bakuti mwezi watha banali kukamba mau asanu, asanu na limodzi, manje babwelela pa kusonta. Banifunsa kuti chasintha n'chani panyumba. Ine nakangiwa kuyankha, kaili masana sinikhalapo."

Ninayamba kufotokoza za mvula, za kuzizila, za kuti matenda aya amatelo, lelo kutsogolo mailo kumbuyo, ninabelenga pa foni. Banamvela mpaka ninasiliza. Banthu ba m'nyumba ija bamadziwa kunilindila kuti nisilize.

"Ba mami bako bamakukonda," banatelo. "Usakaikile ivo. Koma iwe ukachoka pano, bamagona monga banali kulima munda. Ubweze masiku mwamene anali."

Sibananifunse kuti ninasinthilanji. Nikanakonda banifunse, nikanapeza vokamba. Ninakhala pa khonde pomwepo, ninatsegula gulupu, ninabweza mtsikana uja pa Chitatu na pa Chisanu. Ninalemba kuti tasintha pang'ono chifukwa cha mvula. Chinayi banali batatenga kale ba mayi benangu, ndiye ine ninatsala na Mande masana chabe. Tsiku limodzi. Eve analemba mau abili pansi: "Zikomo ba sisi." Ninaponya foni pa mpando, ndiye ninathamanga kukaiona ngati siinasweke.

Mvula inasila, matope anauma, kunabwela fumbi. Ba mami banayamba kuyenda na ndodo. Mau anayamba kubwela, pang'onopang'ono, monga manzi a pa pompi pulesha ikachepa. Pa Mande yanga banali kukambako, koma ninali kudziwa kuti nkhani zenizeni bamasungila Chitatu. Ninali kuzimvela kwa banthu. "Wamva vamene ba mami bakamba za ba dikoni?" Ine adimini, kumva nkhani za ba mami kwa banthu!

Ndiye banati bafuna kupeleka umboni ku chalichi. Kwathu munthu akachila ku matenda aakulu amaima kutsogolo na kuuza mpingo vamene Mulungu wamuchitila, ndipo ngati sangakwanitse kukamba, amasankha munthu omukambila, eve aima chabe pambali. Pamene ninamva, mtima unati phaa. Iyi manje ni yanga. Kuwasha ni kuwasha, kulindila ni kulindila, koma maiki ni maiki. Ninalemba umboni wonse mu foni. Ninauloweza. Ninayeseza pa galasi, ninadziwa pamene nizakweza mau, pamene nizatsitsa, pamene nizaima kuti nipukute msozi. Ninabweleka na nsapato zazitali kwa mnzanga wa ku Matero.

Pa Chinayi selo inakumana kwa ba mami. Titasiliza kupemphela banagogoda ndodo pansi kuti timvele. Banasonta mtsikana wa ku Petauke, kuja ku nsapato.

"Uyu... a... gwile... maiki. Ni... zakamba... nekha."

Ndiye banasonta ine.

"Iwe... foni. Jambula."

Banthu banaomba m'manja. Ba mayi bena banakuwa kuti, "Ameni! Aliyense na mphatso yake!" Ine ninamwetulila mpaka masaya kubaba. Ninati ni ulemu waukulu, mami, nizajambula monga ba pa TV. Pobwelela kunyumba ninayenda njila yaitali kuti nisayende na munthu.

Pa Sondo chalichi chinadzala. Nsapato zazitali ninavala ndithu, ninali nitabweleka kale. Ninaima kutsogolo pambali, foni m'manja abili. Ba mami banayenda kuchokela pa benchi mpaka kutsogolo, ndodo, phazi, ndodo, phazi, bavala chitenge cha buluu na duku yake. Mtsikana uja pambali pao, dzanja limodzi kumsana kwao, linalo lagwila maiki. Wa kiyibodi anayamba kulizako pansipansi, ba busa banamunyamulila dzanja kuti aleke.

"Ni... yamika... Mulungu."

Zii. Malata alila na kutentha. Mwana wina alila kumbuyo, bamutulutsa. Ine mau onse ninali kuadziwa, anali pa lilime panga, okonzeka, opakidwa na mafuta. Koma foni inali pafupi na pakamwa panga, nikangoti kho, vizamveka mu vidiyo. Ninaluma mlomo.

Banayamika ba dadi, banati banaphunzila kuphika phala pa ukulu, banthu banaseka. Banayamika selo. Ninalindila. Ninati manje bazati mwana wanga wa vilengezo, mwana wanga wa pa pompi. Banatembenuka pang'ono, osati kwa ine.

"Na... uyu... mwana. Ana... nipatsa... nthawi. Sana... thamange."

Mpingo unati mmm. Bazimayi banayamba kupukuta m'maso. Mtsikana uja anayangana pansi.

Chala changa chinayenda chokha pa galasi. Iyayi, nanama, sichinayende chokha, ninachiyendetsa ine. Ninakokela chithunzi pafupi, pang'onopang'ono, mwaluso, monga nifuna kuonetsa bwino nkhope ya ba mami. Phewa la mtsikana uja linatuluka. Nkhope inatuluka. Panatsala chabe dzanja na maiki. Ninagwila pomwepo mpaka kumapeto.

Masana ninakhala pansi kukonza. Kumayambililo, pamene banali kuyenda babili, ninadula. Ma zii onse ninadula, maminiti naini anakhala abili, ba mami banamveka monga bakamba bwinobwino. Ninafaka kanyimbo pansi. Inatuluka yokongola, ivo palibe angakane. Ninaiponya pa gulupu, ninaitumizanso kwa mwana wao wa ku Solwezi, amene sanakwanitse kubwela.

Anayankha na voisi, akulila. "Sisi, zikomo. Namva vamene mami bakamba pa iwe, kuti unabapatsa nthawi. Mulungu akudalitse, sinidziwa nizakubwezela chani." Eve mtsikana wa ku Petauke sanamuonepo, amadziwa ine, ndine nimamutumila mapikicha. Ninamvela voisi ija kanayi. Inali kukoma. Ninayankha kuti, "Ni Mulungu chabe sisi."

Mailo lake inali Mande, tsiku langa. Ninapeza ba mami bali khale pa sofa, ndodo pambali.

"Vi... diyo," banatelo.

Ninakhala pafupi nabo, ninabagwilila foni. Banayangana mpaka kumapeto. Banazungulutsa chala kuti niyambe futi. Banayangana kachibili, nkhope pafupi na galasi.

"Ali... kuti?"

"Ndani, mami?"

Bananiyangana chabe.

"Mami, mudziwa foni iyi, kamela yake ni yaing'ono, ndiye kuwala kwa pa zenela lija kunali kubwela mbali yake, ndiye ninaona kuti chofunika ni imwe, kaili umboni ni wanu, ndiye banthu pa foni sibakonda vidiyo itali, bamapitilila, ndiye..."

Ninaleka nekha. Palibe ananiimika. Mau anangosila, chinthu chamene sichinanichitikilepo. Ba mami banatenga foni yao pansi pa pilo, kafoni ka mabatani, bananionetsa kuti mwana wao wa ku Solwezi anatuma kuseni. Banakamba naye. Banadziwa vonse.

Tinakhala. Panja munthu anali kukuwa kuti agulitsa malasha. Pakamwa pa ba mami panayamba kusebenza, milomo ivutika, mtsempha wa pa khosi waima. Ninafaka manja pansi pa matako na kukhalila.

"Mu... i... tane."

Ninamutumila foni mtsikana uja. Anati azachoka pa nchito faivi ikakwana. Maola abili otsala tinakhala babili m'nyumba, ba mami bayangana pa khomo, ine niyangana chala changa cha kuphazi. Sininayatse ulaliki. Sininakambe za wigi ya munthu.

Anafika na fumbi ku miyendo, pulasitiki m'manja muli yunifomu yake ya nchito. Anagwada pa khomo kupeleka moni, anafunsa ngati kuli vuto. Ba mami banamenya pa sofa na dzanja labwino kuti akhale pambali pao. Anakana, ati ali na thukuta, azakhala pansi. Banamenya futi. Anakhala, kumphepete kwenikweni.

"Iwe," banatelo kwa ine. "Jambula. O... sa... dula."

Ninaimilila. Ninatsegula katani kuti kuwala kubwele kutsogolo kwao, kaili manja amadziwa nchito yao olo mtima ukana. Ninabafaka bonse babili pakati, mitu yonse, mapewa onse. Ninakanikiza.

Ba mami banagwila dzanja la mtsikana uja, banalinyamula pang'ono. Banayangana mu kamela nthawi itali.

"Mwana... wamene... nina... kamba... ni uyu."

Basi. Masekondi fote, ambili a iwo zii. Mtsikana uja anafuna kubisa nkhope, ba mami sibanamusiye dzanja. Bananiuza na chala kuti niponye pa gulupu na ku Solwezi, beve bakuona. Ninaponya. Sininalembe kanthu pansi, sininapeze chakuti nilembe. Wa ku Solwezi anaona pamene apo, tumizele tunasintha mtundu, koma sanayankhe kwa ine. Mpaka lelo timapatsana chabe moni.

Mtsikana uja anapempha kuti aone. Anayangana kamodzi, anabweza foni na manja abili.

"Ba sisi mumajambula bwino," anatelo. "Ine sininadzionepo pa vidiyo."

Sanali kunitonza. Ninayangana m'maso mwake kufunafuna chitonzo, nikanachipeza nikanapumula, koma munalibe. Anaimilila, anayenda ku kicheni kukafunditsa manzi osamba a ba mami, olo silinali tsiku lake.

Ninatsala na ba mami. Ninali kuopa kufunsa, koma kukhala osadziwa kukananipaya.

"Mami, nizibwela pa Mande?"

Banatenga nthawi. Ninamva mtsikana uja athila manzi mu poto, ninamva akolezela mbaula. Ninaganiza kuti ngati bazati iyayi, nizachoka mu selo, nizasamukila ku chalichi cha ku komboni ya George kwamene kulibe onidziwa, nizayamba futi kuchokela pa benchi ya kumbuyo. Ninafika mpaka posankha dilesi yamene nizavala tsiku loyamba.

"Bwela," banatelo. Banapuma. "Foni... siya."

Nimabwela. Foni nimaisiya kunyumba pa chaja, ndipo njila yonse dzanja limayenda ku thumba kukafuna chinthu chamene kulibe. Nimakhala pansi, nimabadzola mafuta ku dzanja, nimabelenga mu mtima. Masiku ena nimafika pa twente. Masiku ena nimalephela, nimabasilizila mau, ndiye bamanimenya pa bondo na ndodo. Ba busa bakaphunzitsa za mphatso nimavomela ameni na banzanga, ndipo nidziwa kuti yanga ilipo, vilengezo nikali kupeleka, maposita a malilo a mu selo nimapanga mahala, osalipilitsa. Koma ninali kufuna kuti mphatso yanga ndiyo ibachilitse ba mami, ndipo siinali iyo.

Pa Chitatu na pa Chisanu sinimapita njila ya kwao, olo nikafuna kuyenda ku msika nimazungulukila ku chigayo. Zenela lao limakhala lotsegula, ndipo nikamva baseka babili mkati muja chimanibaba mpaka manje.